Bungwe la Agalu Lomwe Ndinalonjeza Tiyamike

Lolemba, 14 Ogasiti

Kalata ya Tiyamike yafika. Akubwera Loweruka pa minibasi yoyamba yochokera ku Lilongwe. Akuti akufuna kudzaona ndi maso ake “bungwe lako lija”.

Vuto ndi limodzi lokha: bungwelo kulibe.

Mwezi watha anandilembera kuti anzathu onse a ku yunivesite apeza ntchito, nanga ine ndikungothirira nazale ya fodya ya abambo ku Ntchisi? Ndinapsa mtima. Ndinamuyankha kuti ndine wapampando wa Bungwe la Achinyamata Oyenda M’mapiri ndi Agalu. Loweruka lililonse, agalu ophunzitsidwa, aliyense pa chingwe chake, monga tinkaonera azungu ku Zomba.

Si bodza ayi. Ndi chitukuko chimene changochedwa pang’ono. Dziko lonseli linasintha ndi chala choviika mu inki, ine andikanike agalu?

Zofunika:
1. anthu
2. zingwe
3. malamulo olembedwa
4. galu wooneka ngati anadyapo sabata ino

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Mamembala awiri kale! Yohane, wokonza njinga pamsika, ndi msuweni wanga Mavuto. Yohane ali ndi galu mmodzi, Mavuto awiri.

Ndikuwafotokozera: tikwera phiri la kuseri kwa sukulu, tikhala pamwamba, tiona dziko, tidya buledi, titsika. Yohane akundiyang’ana ngati ndamubweretsera njinga yopanda tcheni. “Ndiye titsika chimanjamanja? Ndi agalu anayi?”

Eya, chimanjamanja! Ndiye chitukukocho. Munthu aziyenda chifukwa wafuna, osati chifukwa kwagwa maliro kapena chigayo chili kutali.

Ndamata chikalata pa mtengo wa pamsika. Masana kwafika abambo ena achikulire ochokera kutsidya kwa dambo, akufunsa ngati chipani chatsopanochi chikugawa nsalu. Ndawauza kuti si chipani. Akuti onse amayamba kunena choncho.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Tsiku losambitsa galu.

Wathu dzina lake ndi Sindikufunsa. Abambo anamutcha choncho chaka chimene anakangana ndi aneba za malire a munda, ndipo amamuitana mokweza akaona anebawo ali pakhomo. Ndayesa kumutcha dzina lina, laulemu. Sakutembenuka n’komwe.

Zimene ndapeza pa galu mmodzi:
nkhupakupa zonenepa ngati nzama
utitiri, mudzi wonse
chipsera chimene palibe akudziwa chiyambi chake

Amayi andipeza thovu lili m’zigongono. “Sopo wochapira yunifomu yanga ya kutchalitchi! Mwana iwe, kusukulu kuja anakuchita chiyani?” Ndawauza kuti ukhondo susankha. Anditengera sopoyo pamodzi ndi beseni.

Sindikufunsa watuluka woyera, wonunkhira, nthiti zikuwerengeka bwinobwino. Wathamangira kukhola la ng’ombe n’kukagubuduka mu ndowe. Kawiri, akundiyang’ana.

Sindibwerera m’mbuyo.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Phunziro la chingwe. Ndadula cha amayi choyanikira zovala, mbali imene sagwiritsa ntchito kwenikweni.

Nditangommanga Sindikufunsa m’khosi, kulira! Wagona chagada, ndikumukoka ngati thumba la chimanga. Ndinaiwala chinthu chimodzi: kuno galu akamangidwa chingwe ndiye kuti akukaphedwa.

Anthu atuluka m’nyumba. Nachisale a pafupi ndi chitsime akuomba m’manja: “Mwachita bwino, achimwene! Mazira anga anatha ndi ameneyu!” Ena akuti anawabera nsomba zouma pa Khirisimasi. Ena akundilozera kumene kuli dzenje lakuya. Galu mmodzi, milandu ngati nduna ya boma lakale!

Ndaima pakati pa njira n’kulengeza kuti saphedwa, tikungoyenda. Kenako mawu kumbuyo: “Sukulu ikachuluka imatero.”

Abambo sanakalipe. Angofunsa, akukonza khasu, ngati digiri ija inali ya zokoka agalu, kuti adziwe chowayankha akuluakulu anzawo a mpingo.

Aseke. Onse oyambitsa zinthu anasekedwapo.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Msonkhano woyamba, pansi pa mtengo wa Yohane. Tilipo khumi ndi mmodzi! Mbiri yamveka kuti mawa kuli agalu ndi phiri.

Ndawerenga malamulo, masamba anayi. Lamulo loyamba, lolemba ine ndemwe: chilichonse chidzagamulidwa ndi mavoti.

Zotsatira:
Zingwe: ofuna, ine. Okana, khumi.
Kunyamula zibonga: ofuna, khumi.
Kudzera ku lupsa la kumunsi, kumene tchire linapsa dzana ndipo nchenzi zikusowa pobisala: khumi.
Kufika pamwamba pa phiri: “tikaona nthawi.”

Uwu si ulendo wanga. Uwu ndi uzimba!

Ndawauza kuti wapampando ali ndi mphamvu yokana. Mavuto waimirira, wavula chipewa mwaulemu: “Pepani a Digiri, za munthu mmodzi tinazikana kale dziko lonse.” M’manja, mluzu, agalu kuuwa.

Chabwino. Ndikhala wotsutsa. Mawa galu wanga ayenda pa chingwe, ndekha ngati n’kotheka, ndipo Tiyamike adzaona kusiyana.

Loweruka, 19 Ogasiti

Tiyamike watsika minibasi atavala nsapato zoyera, kamera ili m’khosi. Kutsogolo kwake anyamata khumi, agalu asanu ndi anayi, zibonga. Ndamuuza kuti zimenezo ndi ndodo zoyendera. Wangoti, “Oho.”

Poyamba zikuyenda. Sindikufunsa akutsata bwinobwino, chifukwa m’thumba mwanga muli buledi. Chingwe ndachikulunga padzanja katatu kuti ndioneke wozolowera. Ndikumulozera Tiyamike mapiri a ku Dowa, ndikufotokoza za tsogolo la achinyamata.

Nchenzi yatumphuka pachitsamba!

Zotsatira sindinazione bwino. Ndikukumbuka phulusa m’kamwa, chitsa pabondo, ndi galu amene Lachinayi amakana kuyenda akundikoka ngati ng’ombe ya pangolo. Tathera m’chitedze, m’mphepete mwa khwawa momwe moto sunafike. Chitedze m’khosi, m’khwapa, ndi kwina kosalembeka.

Ndikudzikanda, ndikumva mawu achikazi akukuwa: “Itsekereni uko! Yohane, kumwala! Gwira, gwira!” Tiyamike! Nsapato zili m’manja, akuthamanga ndi masokosi. Zaka zinayi m’kalasi imodzi, osandiuzapo kuti anakulira ku Chisepo pakati pa alongo asanu.

Nchenzi ziwiri. Pamwamba pa phiri sitinafike.

Powawula nyama, Tiyamike wafunsa Yohane kuti bungweli linayamba liti. Yohaneyo ndamutsinzinira diso, koma nkhope yonse inali ikugwedezeka kale ndi kuyabwa. “Lachiwiri lomweli, achemwali.”

Tiyamike waseka mpaka kukhala pansi. “Ndinadziwa. Kalata yonse ija, masamba atatu, osatchula dzina la galu ngakhale mmodzi.”

Wandijambula ndili wakuda bii ndi phulusa. Ndaimirira mowongoka. Mbiri idzaweruza.

Lamulungu, 20 Ogasiti

Kutchalitchi ndadzikanda kuyambira nyimbo yoyamba mpaka mdalitso. Abambo, ali kutsogolo ndi akuluakulu anzawo, ayang’ana kudenga nthawi yonse.

Tiyamike anabwerera dzulo lomwelo ndi mwendo wa nchenzi m’chikwama. Chithunzi chija akuti akachionetsa anzathu onse. Akubweranso pakatha masabata awiri ndi anzake atatu a ku ofesi, akuti ku Lilongwe kulibe zoterezi. Wauza Yohane, osati ine.

Bungwe lakumana potuluka m’tchalitchi, ine ndili kunyumba kudzola mafuta. Wapampando tsopano ndi Yohane. Ine andisankha kukhala mlembi, komanso wosunga nsapato za alendo.

Ndavomera. Nanga n’kutani, anthu avota.

Gawo langa la nyama amayi aphika ndi tomato. Ndadya. Ndi yokoma kwambiri. Zimenezi sindilemba mu maminitsi.