Mphuno Yanga, Chimanga Chawo

Lolemba

Sabata ino mphuno iwongoka! Ndalemba kuti ndisadzabwerere m'mbuyo.

Madokotala ochokera kunja afika pa chipatala cha mishoni. Akusoka milomo ya ana, akuwongola mphuno, zonse zaulere, ndipo Loweruka akunyamuka. Ndapalasa njinga dzuwa lisanakwiye, ndakhala pamzere pakati pa amayi obereka ana kumbuyo, wandevu ndekha.

Mbiri ya mphunoyi nayi. Chaka chatha ndikuthandiza a Semba, anzanga oyandikana nawo dimba, kumanga ng'ombe yawo pagoli, ng'ombeyo inapukusa mutu n'kundipeza pankhope. Kuyambira pamenepo mphuno inakhotera kumanzere ngati chikwakwa, bowo limodzi linatsekeka. Ndimapumira kukamwa, ndipo ndikagona ndimaliza mkonono umene anthu amati ndi chigayo. A Semba anapepesa ndi pakamwa. Ng'ombe ili bwinobwino, yanenepa.

Zimene mphunoyi yandilanda:
fungo la nsomba yootcha;
kwaya, poti akuti ndimaimba ngati ndili m'mgolo;
khonde langa. Kutentha kuno aliyense akugona panja, ndiye mudzi wonse unadandaula kuti ana sakugona. Anandipempha mwaulemu ndithu kuti ndizikagona mumsasa wa kudimba, m'mbali mwa Shire;
mkazi wanga, mayi a Zuze. Anadzala chimanga chawo kudimba, n'kumanga katundu, n'kupita kwa makolo awo kwa Maseya. Mawu otsanzika: "Chigayo chikadzazima, mudzanditenge."

Zinazo ndikanapirira. Chomalizachi chikundiwawa, ndipo sindibisa.

Dokotala wasuzumira ndi katochi. Akuti fupa la mkati lagona mopingasa, aliwongola Lachisanu. Ndapempha nesi andifunsire ngati angaisongoleko pang'ono kunsonga, poti mpeni ulowa kale. Nesi sanamasulire n'komwe: "Bambo, kuno si kwa telala."

Malamulo ndi awiri okha. Ndibwere ndi gadiyani, wondidikirira ndi kundiphikira ndikagonekedwa. Ndisaike kanthu m'mimba kuyambira Lachinayi madzulo. Zophweka!

Lachiwiri

Kwa Maseya. Malaya oyera, sopo amene wogulitsa akuti ndi wonunkhira. Ndangokhulupirira.

Mayi a Zuze ndawapeza akupeta mapira. Anenepa. Tulo tawayanja.

Mafunso awo, mmene anabwerera:
Chimanga changa chafika pati? Chayamba kubereka.
Mvuu zalowamo? Ayi, chaka chino sizinaonekere.
Mukugonabe kumsasa? Eya.

Za mphuno sanafunse. Ndayambitsa ndekha, ndafotokoza za Lachisanu, ndapempha akhale gadiyani wanga.

"Nkhabe." Chisena cha kwa mayi awo, chimene amachisungira tsiku lokana. "Gadiyani amagona pansi pa bedi la wodwala. Ndathawa chigayo kunyumba, ndikachilondolenso kuchipatala?"

Ndawauza kuti chigayo chomwecho ndicho tikukazimitsa. Ayang'ana mphuno yanga nthawi yaitali. Kenako: "Bwanji osadikira tikolole kaye?"

Madokotala a kunja adikire chimanga cha mayi a Zuze! Ndaseka, iwo sanaseke.

Pobwerera tayala laphulika. Ndakankha njinga dzuwa lili paliwombo, kukamwa kuli yasa, ntchentche zikulowa mwaufulu.

Lachitatu

Mkazi akakana, munthu amathawira kwa omubereka. Amayi ndawapeza akukukuta mondokwa. Dimba alibe. Akuti awapatsa a Semba. A Semba, amene chibadwire sanapatsepo munthu ngakhale chitsononkho!

"Mwananga, mphuno saisintha. Tsiku lomwalira, bambo ako akakudziwa bwanji?"

Ndawakumbutsa kuti ya malemu bambo inali yowongoka ngati yanga yakale, iyi n'nja ng'ombe.

"Nanga ng'ombeyo inadzituma yokha?"

Zifukwa zina zimene apereka: mawondo, loto loipa lokhudza lumo, maliro amene mwina angagwe Lachisanu. Ndafunsa akudwala ndani. Palibe.

Ena amene ndayesa:
mlongo wanga, akuti ali ndi khanda. Khandalo limapita kusukulu lokha;
msuweni wanga, akuti fungo la chipatala limamuchititsa chizungulire. Mwayi wake, fungo amalimva;
mnzanga wa kukwaya, akuti apemphera.

Mudzi wonsewu, anthu odya nawo mbale imodzi, palibe ndi mmodzi yemwe wogona pansi pa bedi langa masiku awiri. Polemba pano ndaona kuti onse atatuwa madimba awo ali m'mbali mwa langa. Zangochitika, mwina.

Lachinayi

Sizinangochitika ayi.

M'mawa eni madimba afika kumsasa kwanga gulu, a Semba patsogolo. Afolera denga ndi udzu watsopano, andiyalira mphasa yatsopano, akonza ndi kachitseko. Chikondi chotere sindinachionepo, ngakhale tsiku limene ng'ombe inandigwetsa.

Mayi wina wopanda chinsinsi wataya zonse: "Chaka chino ndiye tidya! Mvuu zikangomva bambo a Zuze ayamba mkonono, zimabwerera m'madzi. Zimayesa kumtunda kuli yamphongo yoposa izo." Anzake amutsina, koma mawu atuluka kale.

Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Zaka zonse amuna a kuno ankachezera kudimba ndi moto, kumenya zitini, kufuula mpaka mawu kutha, mvuu n'kudyabe. Chaka chino akugona m'makonde mwawo, pambali pa akazi awo, ine ndikuwalondera ndili mtulo. Osalipidwa, osauzidwa n'komwe!

Ndawauza mosapita m'mbali: mawa zimenezi zitha, yambani kutolera zitini.

Nkhope zagwa. Koma a Semba aimirira, avula chipewa. "Pyadidi, zili bwino, shamwali. Ng'ombe inali yanga, mlandu ndi wanga. Gadiyani ndine, ndipo ndikupititsa pangolo, usatope ndi njinga."

Manyazi andigwira. Munthu ndamuganizira zoipa sabata yonse. Ndadya komaliza dzuwa lisanalowe, ndatsuka mbale, ndaivundikira. Mawa mpweya ulowa mbali zonse ziwiri!

Lachisanu



Ngolo yafika mochedwa. Kutsogolo kuli ng'ombe yomwe ija. Tayang'anana.

Ulendo wake:
kuima kuti ng'ombe zimwe;
kuima kupereka moni kwa aliyense wokhala pansi pa mtengo;
kuima pamaliro a munthu amene a Semba dzina lake achita kufunsa;
kuima kuti ng'ombe zimwenso.

Dzuwa lakwera. Munthu wopumira kukamwa, kukhosi kumauma ngati chikopa choyanika. Pamenepo a Semba atulutsa chigubu chokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Thobwa lozizira. Ndakana. Amwa okha, pang'onopang'ono, kholingo likukwera ndi kutsika pamaso panga.

"Thobwa ndi madzi, shamwali. Unamuona ndani atakhuta thobwa? Anesi amanena za nsima."

Kwathu kuno ndi zoona, mlendo ukam'patsa thobwa amachoka akunena kuti sanadye. Ndamwa chikho. Ndamwanso. Linali la mapira, lotsekemera pang'ono mmene ndimalikondera, ndipo ndinathokoza. Ndinathokoza!

Kuchipatala andiveka chovala chotsegula kumbuyo, andikhazika pabenchi pakhomo la fiyeta, chipinda cha opareshoni. Nesi uja wafunsa ngati ndaika kanthu m'mimba lero. Ndati ayi. Gadiyani wanga ali pakhomo, ndi mawu ake olalikira: "Anesi, ine ndi mkulu wa mpingo, bodza sindingathe. Amwa thobwa, ndiponso abwereza."

"Thobwa ndi phala, bambo. Wokhuta sitim'goneka, angasanze n'kutsamwa. Vulani."

Ndapempha madzulo, akuti mzere wadzaza. Ndapempha mawa, akuti mawa ndi ulendo. Malo anga apatsa mwana wong'ambika mlomo. Pamaso pa mayi ake sindikanadandaula, n'chifukwa chake ndikudandaulira muno.

Pobwerera ngolo yathamanga. Ng'ombe sizinamve ludzu ngakhale kamodzi.

Loweruka

Galimoto la madokotala ladutsa pamsewu m'mawa. Fumbi lake landilowa bowo limodzi.

Zomveka kumjigo: akazi a Semba anachitidwapo opareshoni zaka zapitazo, gadiyani anali amuna awo. Lamulo la m'mimba amalidziwa kuposa nesi. Mkulu wa mpingo!

Ndakhala pakhonde ndikusula mawu okauza a Semba. Mawu abwino kwambiri, ena a Chisena. Ndisananyamuke, kabaza waima pabwalo. Mayi a Zuze! Ndi katundu yense, miphika, lichero, zonse. Mtima wanga wadumpha ngati wa mnyamata. Ndaiwala a Semba, ndaiwala ng'ombe, ndathamangira kulandira mtolo. Ndati mumtima, akazi awa andimvera chisoni, abwera chigayo chisanazime.

Asesa m'nyumba, atsegula mazenera, ayanika zofunda. Ine ndikungowatsatira ngati nkhuku.

Chakumasana a Semba afika kudzabweza chigubu, chiguduli atachichotsa. Chigubu chachikasu, chingwe chabuluu pachogwirira. Chingwe chimenecho ndinamanga ndine, tsiku limene mayi a Zuze ankapita kwa Maseya.

A Semba athokoza m'Chisena: "Takhuta, alamu. Thobwa lija linagwira ntchito."

Mayi a Zuze alandira ndi manja awiri, osandiyang'ana.

A Semba atachoka ndafunsa. Sanakane, sanakweze mawu. "Chimanga chija ndicho chakudya chathu chaka chonse. Chikadyedwa ndi mvuu, tidzaphika mphuno yowongoka? Mphuno sithawa, bambo a Zuze."

Kenako atsegula chikwama, atulutsa neti yatsopano, idakali m'pepala lake. "Iyi ndi yanu. Kumsasa kuli udzudzu wambiri."

Lamulungu

Kutchalitchi athokoza Mulungu chifukwa choteteza madimba athu kwa mvuu chaka chino. Wotsogolera pemphero a Semba. Ameni wake denga linagwedezeka. Amayi anga mawondo achira, avina mpaka kutsogolo. Dzina langa silinatchulidwe.

Mayi a Zuze akhala pambali panga pobwerera, aphika nsomba yootcha imene ndimaikonda. Akuti ikununkhira kwambiri. Ndangokhulupirira.

Zimene ndapindula sabata ino:
denga latsopano;
mphasa;
neti;
mkazi wanga, ali m'nyumba mwanga, pabedi langa, akugona tulo tabwino.

Akuti n'zakanthawi, mpaka tikolole. Akutinso nesi anauza a Semba kuti madokotala amabwera chaka ndi chaka nyengo yomwe ino yotentha. Ndawerengera ndekha pobwera kudimba kuno: nyengo yomwe ino ndiyo chimanga chimakhala chachiwisi. Ndipo a Semba ndawamva akuuza anzawo kuti chaka chamawa awonjezera munda.

Ndakhala pakhomo la msasa. Chimanga chili biriwiri mbali zonse, cha mkazi wanga ndicho chokongola kuposa zonse. Patsidya la bango mvuu yatulutsa mphuno m'madzi, yowongoka bwino, mabowo onse awiri akupuma. Yandiyang'ana, yamira.

Ndinkafuna mkazi wanga abwerere kunyumba. Wabwerera. Amene sanabwerere ndine.

Neti ndamanga, mphasa ndayala. Ntchito iyamba dzuwa likalowa.