Ba Nicodemus ndi Matayala Opanda Mizere

Ku Chilenje aliyense ankadziwa kuti Ba Nicodemus, okonza matayala pafupi ndi msika, sankayang'ana munthu kumaso asanaone matayala ake. Ukawapatsa moni ankayankha ali chogwada, chala chikudina tayala. Komatu iwo eniake sanayendetsepo galimoto moyo wawo wonse.

Virginia Sampa wa ku Woodlands anawadziwa atayamba mipikisano ya magalimoto ya Lamlungu masana pa bwalo lakale la ndege, ija yothamanga kamtunda kochepa mowongoka. Galimoto yake inali yamphamvu, koma ponyamuka matayala ankangozungulira pamodzimodzi, utsi tolo, anzake atapita kale. Matayalawo anali ma radial a mpikisano, olimba m'mbali, a timizere tochepa.

"Aya yafuna mseu wopyanga bwino, mayo," anatero Ba Nicodemus. "Paja pali fumbi. Mufunika ma slick. Yalibe mizele, ni yofewa. Ponyamuka yamakwinyika monga nkhope ya apongozi, yagwila pansi."

"Nanga radial sithamanga kwambili kutsogolo?"

"Ithamanga. Koma muyambe mwanyamuka."

Ma slick atapezeka, anamuuza kuti akawamangire kubwalo komweko. Virginia sanamvere, anawamanga kunyumba. Panjira wapolisi anamuimitsa, nazungulira galimoto kawiri. "Madamu, matayala yosila so, mufuna kupaya bantu?"

Virginia anaimbira Ba Nicodemus kuti adzamuikire kumbuyo. Anafika pa minibasi, jeke ali paphewa, ndipo anaikira kumbuyo wapolisi. "Ba bwana bakamba zoona. Slick pa mseu wonyowa ni bokosi ya malilo." Kenako anamufotokozera wapolisiyo za matayala mpaka iye anachita kuwapempha kuti azipita.

Tsikulo Virginia anapambana koyamba. Atabwerera poyambira anapeza Ba Nicodemus, omwe anamutsatira pa minibasi, atatsinzina, manja m'makutu. Liwiro ankaliopa kwambiri, ndipo zaka zonse zimene anamukonzera matayala anakana kukwera galimoto yakeyo.

Anaikwera kamodzi kokha, tsiku limene chifuwa chinawakulira, Virginia n'kuwatengera kuchipatala. Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka njinga zinkawapitirira. Iwo anatsamiritsa mutu pawindo.

"Mumvela bwanji, batata?"

"Nimvela tayala ya kumbuyo, ku left. Mphepo yachepa. Mukapope."

Anamwalira Lachinayi. Ataikidwa, Virginia anayeza tayala lija n'kupeza kuti linalidi lophwa. Analipopa yekha, misozi ikugwera pa pampu.

Pamalo pawo paja pano pali kontena yogulitsa zakumwa. Othamanga amaimabe pomwepo Loweruka, ndipo mkangano wa radial ndi slick ukabuka, wina amatulutsa foni n'kuwerenga yankho. Mphindi ziwiri, nkhani yatha. Amaima pang'ono, kuyang'anana, kenako aliyense amalowa m'galimoto yake dzuwa likadali pamutu.