Tsiku Limene Ndinalemeretsa Banja Lathu ndi Katundu wa Aneba

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, ndipo ndasankha kuilemba m'kope chifukwa pakamwa sindingaithe. Dzina langa ndine Tadala, ndimakhala ku Chinsapo. Sukulu ndinasiyira Fomu 2 chifukwa cha fizi, koma kulemba mwaukhondo sindinasiye.

Chaka chatha achimwene anga, a Limbani, anasankhidwa kupita ku yunivesite. Tinasangalala masiku awiri. Tsiku lachitatu tinaona fizi yake, m'nyumba munangoti zii. Amayi amagulitsa tomato pamsika, ndipo abambo anatisiya kalekale.

Mwamwayi, panali bungwe lina lothandiza ophunzira ovutika. Achimwene analemba fomu pafoni ya mnzawo. Anandifotokozera kuti ofunsira ndi ambirimbiri, choncho mayankho onse amalowa mu kompyuta, ndipo kompyutayo imawerengetsa n'kuika anthu pamndandanda, ovutikitsitsa pamwamba. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma mtima unali pa nyemba zimene zinkapserera pambaula.

Lachitatu lina amayi anapita kumaliro ku Dowa, foni anasiyira ine. Achimwene anali pa ganyu yomanga ku Area 36, kumene ankagona komweko. Foni inalira.

"Ndife a bungwe lija. Mawa 10 koloko tibwera kudzaona pakhomo panu."

"Chabwino," ndinayankha, n'kudula msanga.

Ndinatumiza uthenga kwa mnzawo wa achimwene kuti awadziwitse, kenako ndinayang'ana m'nyumba. Munali mkeka, ndowa, ndi mpando wapulasitiki wosokedwa ndi waya. Alendo a ku ofesi akhale pamenepo? Kwathu mlendo wolemekezeka sapeza nyumba ili mbee. Pa chinkhoswe cha asuweni anga tinabwereka chilichonse, ngakhale nsalu yapatebulo. Ndinatsimikiza kuti banja lathu silinyozeka ine ndilipo.

Ine amene ndimaopa kufunsa chenji m'minibasi, tsiku limenelo ndinagogoda pa zitseko zitatu.

Ndinayambira kwa alandilodi, Mayi Nabanda.

"Sofa yanga? Iwe Tadala, kukubwera mwamuna wodzafunsira?"

"Ayi amayi, ndi alendo a ku ofesi."

"Tenga. Koma mawa 2 koloko ikhale itabwera, kuno kudzakhala amayi a mvano!"

Ndinapita kwa Che Yusufu, okonza mafiriji.

"Mwanawe, firiji iyi inafa chaka chatha. Komanso kwanu kulibe magetsi."

"Ingokaima basi, abambo."

Anaseka mpaka kugwira khoma, koma anaibweretsa okha pa wilibala. Amayi a Chisomo, oyandikana nafe, anandibwereka TV, kapeti ndi makapu a maluwa. M'mawa mwake nyumba yathu inkaoneka ngati ya ku Area 47.

Mlendo anasochera m'tinjira ta Chinsapo, ndipo anafika 1 koloko itadutsa. Anali mayi waulemu, Mayi Gondwe, atanyamula tabuleti. Ndinawakhazika pa sofa, ndinawapatsa tiyi, ine n'kukhala pansi maso ali pa kapeti.

"Pakhomo pabwino bwanji! TV iyi ndi yanu?"

Kodi munthu angauze mlendo kuti zonse ndi zobwereka? Ndinagwedeza mutu. Iwo anadina pa tabuleti.

"Firiji?"

Ndinagwedeza. Anadina.

"Sofa? Kapeti?"

Mutu wanga unkagwira ntchito ngati wa gulo.

"Pafomu analemba kuti pali mwana amene anasiya sukulu chifukwa cha fizi. Ndiwe?"

Manyazi anandigwira. "Ayi, ndili Fomu 4," ndinanong'ona. Anadinanso.

Nthawi yomweyo achimwene anatulukira, simenti ili mbuu m'tsitsi. Analowa, anaona firiji, anati "Pepani," n'kutuluka. Anakayang'anitsitsa chitseko, kenako anabwereranso pang'onopang'ono.

"Ndinu a Limbani?" anafunsa Mayi Gondwe. "Tabwerani muone." Anawaonetsa tabuleti, ndipo pa dzina lawo panali chizindikiro chofiira. "Munali pafupi ndi pamwamba. Tsopano mayankho asanu sakugwirizana ndi zimene munalemba. Zikatere kompyuta imakuikani m'gulu la onama, ndipo onama sitiwathandiza."

"Mayi, ine firiji iyi ndikuiona koyamba!"

"Onse amatero, achimwene."

Achimwene anandiyang'ana. "Tadala, tayankhula!"

Ine ndinangozyolika. Ndinkaona yunivesite ya achimwene ikupita chifukwa cha firiji yakufa, komabe lilime linali gwa.

Amene anatipulumutsa ndi amayi a mvano. 2 koloko itangokwana, Mayi Nabanda analowa osaodira, atavala kale zoyera.

"Tadala, tinapangana chiyani? Pepani alendo, tadzukani pang'ono, sofayi ili ndi msonkhano."

Mayi Gondwe anadzuka, kapu ili m'manja. Achimwene ndi alandilodi ananyamula sofa. Isanamalize kutuluka, wilibala inalira pakhomo.

"Odi! Ndapeza kasitomala wofuna chitseko cha firiji ija," anatero Che Yusufu.

"Firijiyi ndi yanu, bambo?"

"Ndi yanga, mayi. Mkati mulibe ngakhale injini. Muno ikanayendera chiyani, makala?"

Mayi Gondwe anayang'ana kudenga, kumene kunalibe babu kapena waya. Anayamba kufufuta zimene anadina zija.

Amayi a Chisomo anamva phokoso, anaganiza kuti alendo apita. Anabwera n'kunyamula TV, anapinda kapeti mlendo ataimapo mwendo umodzi, kenako anaima n'kumayang'ana kapu ya mlendo.

"Imwani bwinobwino, amayi, musafulumire. Ndingoidikira."

Mayi Gondwe anagugudiza tiyi wotentha n'kupereka kapu. Anakhala pa mpando wathu wawaya uja, umene unalira koma sunawagwetse.

"Nanga za Fomu 4?" anandifunsa.

"Fomu 4 yake iti?" anayankha amayi a Chisomo ali pakhomo. "Ameneyu timakhala naye pampopi m'mawa uliwonse!"

Apa ndiye misozi inatsika, ndipo mawu anatsatira. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa foni mpaka pa wilibala. Mayi Gondwe anaseka mpaka kupukuta magalasi.

"Pa ntchito imeneyi ndagwira anthu ambiri okabisa katundu kwa aneba. Wokabwereka katundu kuti abise umphawi ndamuona lero."

Anajambula mkeka, ndowa ndi denga, n'kudinanso mayankho onse asanu. Chofiira chija chinachoka, ndipo dzina la achimwene linabwerera pamalo pake. Lero ali chaka choyamba ku yunivesite, ndipo akabwera ku holide amandiitana kuti "abwana a firiji".

Koma chimene chimandiwawabe ndi funso lomaliza. Ponyamuka, Mayi Gondwe anaima pakhomo, chala chili pa tabuleti, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndisanatseke fomuyi, mwana wanga, undiuze zoona. Iweyo ndiwe wa m'nyumba muno, kapena nawenso akubwera kudzakutenga?"

Phunziro: pamene umphawi uli chiphaso chako, usauveke suti yobwereka.