Buku la Kusikelo M'belo la Fodya

Mpaka lero ndikamva jeke yodindira fodya ikulira, ndimakumbukira zopusa zimene ndinachita. Anthu a kuno kwa Chulu nkhaniyi amaidziwa, ena amaithira mchere mpaka kumanena kuti ndinadindira mwana m'belo, ndiye bola ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, manyazi ali pomwepo.

Ine ndinabadwira mumpingo wosapita kuchipatala. Dzina sinditchula, ndi mpingo wa makolo anga ndipo muli anthu abwino. Amapemphera Loweruka atavala zoyera, ndipo ababa anga ndi amene amaima kutsogolo ndi ndodo, ndevu mpaka pachifuwa. Munthu akadwala amamuimbira, kumupempherera ndi kumumwetsa madzi odalitsa, basi. Piritsi ndi tchimo, jakisoni ndiye osakamba. Ine sindinkaonapo vuto mpaka chaka chimene chikuku chinalowa m'mudzi n'kutenga Chikondi, mwana wa akulu anga. Nthawi imeneyo ndinali woyembekezera. Mwana uja ndinamufukata ine, thupi likuotcha ngati mbaula, tikuimba, tikuimba, mpaka nyimbo inatha yokha. Ababa anakhala masiku atatu osayankhula ndi munthu.

Ndiye Tadala wanga atabadwa, mtendere unandithawa. Akayetsemula, ine mtima phaa! Akagona kwambiri, ndikamuike chala pamphuno. Kachiphuphu kamodzi pakhosi, ndayamba kale kulira (kenako n'kupeza kuti ndi udzudzu). Tsiku lina kumjigo aNabanda, mayi wa mudzi woyandikana nafe, anandiona ndikumuvundukula mwana kachisanu ndisanadzaze ndowa.

"Iwe, mwanayo umutha ndi maso. Kusikelo wapita?"

"Ife sitipita, mukudziwa."

"Sikelo imachitikira pansi pa mango pa tchalitchi chathu, kutsidya kwa damboli, Lachinayi loyamba la mwezi. Palibe amene amafunsa kuti umapemphera kuti. Amafunsa dzina la mwana basi."

Ndinapita. Ndinanama kuti ndikukafuna nkhuni. Alangizi a zaumoyo atatulutsa jakisoni, amene analira kwambiri ndi ine, osati Tadala. Ndinatsinzina kudikira mphenzi, dzuwa lili phwee. M'malo mwa mphenzi ndinamva amayi ena a mumpingo umenewo, amene ankathandiza kupachika ana pasikelo, akupemphera kuti, "Ambuye, dalitsani mankhwalawa ndi manja a owabaya." Abale, chibadwire ndinali ndisanamvepo Ambuye ndi mankhwala akutchulidwa pamodzi popanda wina kukalipa. Ndikudziwa kuti Mulungu ndi mmodzi, sukulu ndinalekera sitandade sikisi koma chimenecho ndimachidziwa. Koma ndinati mumtima, ine ndikufuna ndizimupempha kuno, kumene ndingathe kumuuza kuti mwana wabayidwa, iye osakwiya.

Ndi mmene ndinayambira kupita kutchalitchi chimenecho mobisa. Lamulungu lililonse ndinkasenza kachimanga kuti ndikupita kuchigayo. Chimangacho ndinkachisiya pamzere, ine ulendo kukapemphera, pobwera n'kutenga ufa, n'kudzithira wina m'nsidze ndi pampango kuti umboni uoneke. Amayi anga anadandaulapo kamodzi kuti, "Banja la anthu awiri ndi khanda, ufa mukuudya ndi chiyani?" Ine ndinati kuyamwitsa kumapatsa njala. Kenako ndinalowa kalasi ya ofuna kubatizidwa, ndipo anandipatsa khadi lokhala ndi dzina langa, loti azichongapo ndikabwera.

Apa ndiye panali zinthu ziwiri zofunika kubisa: buku la kusikelo la Tadala, ndi khadi la kalasi. Ndinayamba ndi kudenga, chiswe chinadya kona ya buku. Ndinaika m'sutikesi, n'kukumbukira kuti amayi amatsegula okha akafuna kubwereka chitenje. Kunsi kwa mphasa ayi, chifukwa cha bambo a Tadala. Mwamuna wanga ndi munthu wabwino, koma ndi mkamwini pamudzi pathu, ndipo ababa akangotsokomola iye amaulula ndi zimene sanafunsidwe zomwe.

Ndiye nzeru zinandibwerera (ndimati ndi nzeru). Inali nyengo yosankha fodya, ndipo wosankha fodya wa ababa ndinali ine, chifukwa ndili ndi diso la mitundu ya masamba. Fodya wosankhidwa kale tinkamuunjika mulu waukulu pakona ya chigafa, n'kufunditsa ziguduli. Mulu umenewo palibe amene amaugwira mpaka tsiku lodinda. Jeke m'mudzi mwathu ndi imodzi, imayenda khomo ndi khomo, ndipo ife tinali omalizira, kumapeto kwa mwezi. Ndinaika khadi m'kati mwa buku, buku m'jumbo kuopa chinyontho, n'kulowetsa mkono wonse m'kati mwa mulu mpaka paphewa. Ndinatuluka m'chigafa ndikudzitamandira.

Lamulungu lotsatira ndikuchokera "kuchigayo" kuja, ufa uli mbuu m'nsidze, ndinamva phokoso ndili kudambo. Kwiii, kwiii. Ndinati mwina ndi ngolo. Nditafika pakhomo, ndinaona kuti si ngolo. Jeke ili pabwalo pathu, amuna atavula malaya, mabelo asanu ndi limodzi atasokedwa kale, nambala ya ababa italembedwa pa lililonse. Pakona ya chigafa pali mbee, ngati panasesedwa.

"Mwayi wathu, mayi a Tadala!" anatero mwamuna wanga akumwetulira mano onse. "A Mwale fodya wawo sanathe kusankha, ndiye jeke yadumphira kuno. Tadinda yense!"

"Yense?"

"Yense. Ngakhale tsamba limodzi silinatsale."

"Simunaone... kanthu?"

"Kanthu kanji?"

"Ayi, khoswe kapena."

Ndinatula ufa pansi osadziwa kuti ndatula. Tamverani mmene mutu unkayendera. Choyamba, pulasitiki m'fodya ndi mlandu waukulu kumsika, belo lonse amalibweza, mwana aliyense kuno amadziwa. Chachiwiri, m'jumbomo munali dzina langa, la mwana, la mudzi, ndi la tchalitchi. Chachitatu, chimene chinkandidya kwambiri, Tadala anali atatsala milungu itatu kuti akwanitse miyezi isanu ndi inayi, abayidwe katemera wa chikuku. Katemera amene ndinayambira zonsezi. Ndipo ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti wopanda buku amabwezedwa.

Masana amenewo ndinazungulira mabelo aja ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Ndiwapapase, ndiwakhalire, ndiike khutu kuti mwina jumbo ilira. Belo lodindidwa ndi jeke ndi mwala, abale. Ndinatenga chisingano chosokera ziguduli n'kuyamba kubaya limodzi, amayi n'kutulukira.

"Ukutani pamenepo?"

"Ndikuona ngati asoka bwino."

"Ukuona ndi kubaya?"

Mmawa mwake ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa zonse. Mumpingo wa ababa maloto salimbana nawo, munthu akalota, anthu amaimirira. Ndiye ndinakagwada pakhonde pawo, maso pansi.

"Ababa, ndalota."

Anasiya kusema mpini. "Nena, mwana wanga."

"Ndalota kuti m'belo limodzi muli chinthu choipa. Mawu akuti, masulani onse, ndipo womasula akhale mwana wamkazi, yekha, popanda womuona."

Ndinkaona ngati ndaluka bwino. Ababa anagwira ndevu, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Choipa sitimasula, mwana wanga. Ukachimasula chimalowa m'nyumba. Choipa timachipempherera chili chomangidwa chomwecho."

Dzuwa lisanapendeke, theka la mpingo linali pabwalo pathu, zoyera zokhazokha. Anazungulira mabelo, kuimba, kuwaza madzi odalitsa, ndipo ine wolota anandiimika pakati kuti ndiloze belo lake. Ndinaloza lachitatu (ndinangoloza, ndikanatani?). Amayi ena amene amaona masomphenya anagwa pansi n'kunena kuti aona munthu wanjiru, wamkazi, wapafupi kwambiri ndi banja lino. Anthu anayamba kuyang'anana, ena kuyang'ana kunyumba ya a Mwale, anthu osalakwa. Pomaliza ababa analamula kuti mwamuna wanga asachoke pamabelopo mpaka lole itabwera. Ndiye kuti ndi pakamwa panga pomwe ndinaikira buku langa mlonda.

Lachitatu lole inabwera, mabelo anapita. Ndinaima pamsewu ndi Tadala kumbuyo kuyang'ana fumbi, ngati ndaperekeza m'bale.

Milungu iwiri imeneyo sindinadye bwino. Foni ya munthu ikalira, ine ndadzidzimuka. Ndinkapemphera mapemphero awiri osiyana: kuti bukulo lipite kunja ndi fodya, azungu akalisute, ndiponso kuti libwerere Lachinayi lisanafike. Sindikudziwa kuti kumwamba anandimva bwanji. Ndinafuna kuwauza aNabanda, koma manyazi. Munthu wamkulu, mayi wa mwana, ukanene kuti buku lili m'belo?

Lolemba, wapampando wa kalabu ya alimi anabwera pa njinga. Belo limodzi la ababa lakanidwa, akufunika kumsika. Ababa anavala mkanjo wawo woyera, natenga ndodo ndi mkamwini wawo, ulendo. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza pambuyo pake ndi bambo a Tadala. Akuti wantchito wina anasolola jumbo ija pamaso pa alimi a midzi yonse, n'kunena kuti, "Madala, ichi ndi fodya wa giredi yanji?" Kenako anatsegula buku, n'kuliwerenga bwinobwino ngati kalata.

"Komatu mdzukulu wanuyu akukwera bwino sikelo, madala. Katemera onse alipo. Watsala wa chikuku, Lachinayi likubwerali. Musaphonye."

Mlimi wina kumbuyo akuti anakuwa, "Aaa, si abusa okana chipatala aja amenewa? Kani mumabisa m'fodya!" Anthu anaseka mpaka ena kukhala pamabelo. Ababa akuti anangotenga buku lija, kulipukuta ndi mkono wa mkanjo, n'kuliika m'thumba.

Anafika Lachiwiri masana. Ndinawaonera patali, ndipo ndinaganiza zothawira m'chimanga, koma chimanga chinali chitakololedwa. Ababa anakhala pakhonde, natuma amayi kuti adzandiitane. Ndinagwada patali ndithu, Tadala ndamukumbatira.

"Loto lako lija linali loona," anatero ababa. "Ndi belo lachitatu lomwe lija."

Anatulutsa buku, naliika pamphasa. Anatulutsa khadi, naliyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa zochonga zija.

"Chigayo chimenechi amachonga mayina?"

Amayi anagwira pakamwa. Sindikudziwa ngati ankalira kapena ankabisa kuseka. Ine mawu amene ndinakonza milungu iwiri yonse anathawa, panatsala oona okhaokha.

"Ababa, ndalakwa kunama. Za loto ndalakwa kwambiri. Koma Chikondi anatsirizikira m'manja mwangamu. Ine sindingathe kuimbanso nyimbo ija ndili ndi uyu pamiyendo. Kumene ndikupitako amapempherera mwana, n'kumubayanso. Ndasankha kumeneko. Mukandithamangitsa pamudzi ndipita, koma Lachinayi ndikamubayitsa."

Ndinadikira ndodo. Ababa anayang'ana Tadala, amene nthawi imeneyo anali kalikiliki kukoka buku lake kuti alidye. Anamuyang'ana, kumuyang'ana. Kenako anati:

"Loweruka ndikalengeza kuti watuluka mumpingo. Zoyera zako upereke kwa amayi ako. Ukapepese kwa akazi a a Mwale, anthu akhala akuwaloza zala chifukwa cha iwe. Ndipo belo lija likabwera, umasula wekha, usankhenso tsamba ndi tsamba. Si unalota kuti womasula akhale mwana wamkazi, yekha?"

Anaimirira n'kulowa m'nyumba. Zothamangitsa sanatchule. Za Lachinayi sanatchulenso.

Lachinayi m'mawa nditatsegula chitseko, ndinapeza njinga ya ababa itatsamira khoma lathu. Njinga imene sabwereketsa ngakhale kwa mkamwini. Matayala onse awiri opopedwa gwa, pakaliyala atamangapo kachiguduli kopindidwa bwino. Eni ake anali kuseri kwa chigafa, atandifulatira, akusema mpini womwe uja umene unatha kalekale. Sindinathokoze, iwonso sanatembenuke. Bambo a Tadala anatipalasa mpaka pamango paja, akucheuka njira yonse. (Ndipo alangizi anandiuza kuti ngakhale buku likanatayika akanamubayabe mwana, n'kundipatsa lina. Ndinangokhala pansi.)

Belo lija linanditengera masiku anayi, msana ngati wathyoka. Kwa akazi a a Mwale ndinapita ndi nkhuku. Ndinabatizidwa chaka chomwecho. Ababa sanabwere, ndipo mpaka pano nkhani ya mpingo sitikamba. Koma ndikachokera kusikelo amamunyamula Tadala m'mwamba, kumuyeza ndi manja, n'kufunsa akuyang'ana kumbali kuti, "Akuti bwanji kumeneko, wakwera?"

Ndiye ndinaphunzira kuti kubisa zinthu n'kosathandiza, ndipo m'fodya sindidzaikamonso kanthu moyo wanga wonse. Kungoti pali kabuku kena, ka ine mwini, ka zakulera, kamene bambo a Tadala sindinawauzebe. Kali m'thumba la mtedza, pansi penipeni. Dzulo ndawamva akuuza ababa kuti mtedza wakwera mtengo, ogula abwera mawa.