Dimba la Nkhwani ndi Impso ya Alamu

Lolemba
Kuzizira kwatha kuno kutsidya kwa nyanja ku South Bend, maneba onse akulima. Ine ayi. Chindiikireni impso yatsopano ndikumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi, ndiye adokotala akuti fangasi wa m'dothi akhoza kulowa m'mapapo n'kundipha. Dothi ayi, manyowa ayi, zitosi za mbalame ayi. Koma chaka chathunthu osalawa nkhwani? Ndidzala mobisa kuseri kwa galaja. Mayi a Tadala asadziwe.

Lachiwiri
Zokonzekera: nthanga za maungu zochokera kumudzi, magolovesi, masiki, thumba la manyowa. Zonse m'buti ya galimoto. Ndine katswiri!

Lachitatu
Alamu a Yohane, amene anandipatsa impso, aimba foni kuchokera ku Lawrence. Za ine sakufunsa n'komwe. "Impso yanga yadzuka bwanji?" Akuti alota ili ndi matope. Anthu opereka ziwalowa ali ndi kaufiti ndithu.

Lachinayi
Ku Indianapolis kukayezetsa magazi. Mayi a Tadala akudiraiva, akuti galimoto ikununkha khola. Ndikunamizira nsapato za mpira za Tadala.
Kuchipatala, mkulu uja timacheza naye podikira adokotala kulibe. Mkazi wake akuti mkuluyo anangosesa m'khola la nkhuku, basi fangasi m'mapapo. Akupumira makina.
Pobwerera ndatsegula mawindo onse. 

Lachisanu
Thumba lija ndikufuna kulitaya, koma kuligwira ndikuopa. Ndili mkati moganiza, mayi a Tadala atsegula buti kuti aikemo zogula. Sakukalipa. Angoimbira mchimwene wawo. Bola akanakalipa!

Loweruka
Alamu afika ndi khasu latsopano, akuti dimbalo alima okha. Munthu wokulira m'tauni ku Blantyre, khasu akuligwira ngati ambulera. Mizere yokhotakhota, nthanga akuwaza ngati mchere. Ine ndatsekeredwa m'nyumba, ndavala masiki, ndikugogoda galasi la windo kuti ndiwalangize. Iwo akungondibayibitsa. Mayi a Tadala atseka katani.

Lamulungu
Agologolo afukula nthanga zonse, sanasiye ngakhale imodzi. Alamu agona pampando wanga, akuti msana wathyoka, ndipo wowapangira tiyi ndine. Ine thupi silikutentha, ndikupuma bwinobwino. Mayi a Tadala akuti ku Lafayette Road amagulitsa masamba ouma a m'paketi, ochokera dziko lina. Si nkhwani amenewo. Ndidya basi.