Poto wa Khofi wa Chitengwa

Amene akufuna kuseka ayambiretu, asadzandidule pakati. Inu a Zulu, ndakuonani mukugunda mnzanuyo ndi chigongono. Ikani pampu pansi, tayala limenelo silithawa. Ine Yotamu Sakala sindinanamepo chibadwire, ndipo zimene ndikuuzeni pano zili ndi mboni zambiri, kungoti zonse zinamwalira.

Masiku amenewo kutsidya kwa Luangwa kunali kusanatchedwe paki, tinkangoti ku gemu, ndipo ine ndinali wonyamula tiyi pa kampu ina cha ku Nkwali. Musaipeputse ntchitoyo. Azungu akamayenda pansi kukaona nyama, kutsogolo kumakhala sikauti ndi mfuti yake, pakati alendo, ndipo kumbuyo kwenikweni, kumene mkango umayambira kusankha, kumakhala ine ndi ketulo ndi makapu pamsana. Ikakwana teni koloko ndinkapekesa moto ndi timitengo tiwiri pa ndowe youma ya njovu, ndipo manja anga anali achangu moti tsiku lina madzi anawira moto usanayake. Kumeneko n'kumene ndinadziwira khofi, chifukwa alendo ena tiyi ankamukana.

Vuto langa linali kunyumba. Ndinali mkamwini kuno ku Mnkhanya, kwawo kwa mkazi wanga Esinati, ndipo ndinali nditatopa nazo. Munda woyamba kulima unali wa apongozi, nkhokwe yoyamba kumanga ya apongozi, ndipo ndikakhosomola pabwalo anthu ankayang'anana ngati mbuzi yalowa m'tchalitchi. Akuluakulu amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma ine kung'animako kunali kutandikwana. Ndinkafuna chitengwa, kutenga mkazi wanga kukakhala naye kwathu kumtunda kwa Lupande, ndipo munthu wolola zimenezo anali mmodzi yekha, malume ake a Esinati, a Gideoni, amene anakalambira pa ukhuki, akuphika m'nyumba za mabwana a kumigodi.

Tsiku lina pamowa ndinanena, monga mmene munthu amanenera zoona, kuti khofi amene ndingaphike ine palibe khuki angamuyandikire. A Gideoni anatsitsa chipanda pang'onopang'ono.

“Akamwini, chichokere kumigodi sindinamwepo khofi weniweni. Mukandimwetsa wophikira m'nyumba mwanu, m'poto wanuwanu osati wobwereka ku kampu, mkazi wanu mutenge.”

Mukumva? Ananena pamaso pa anthu. Khofi wopera ndinali naye, khuki wa pa kampu anandipatsa wotsala m'chitini sizoni ya alendo itatha. Chosowa chinali poto wophikira khofiyo, ndipo ndalama zanga zinali zija zoti ukayetsemula zatha. Ndinafunsa khukiyo kuti wotsika mtengo koma wolimba ndi uti, iye anati ndikadzionere ndekha ku Chipata, kumene nthawi imeneyo tinkati ku Foti Jemusoni.

Ndinanyamuka faifi koloko m'mawa pa njinga yopanda mabuleki, mvula yoyamba itangogwa, ndipo nditalowa m'mitengo ya tsanya akashembe, ntchentche zoluma zija, anandiunjirira, ena kumsana ena m'khosi ena pa chishalo chenicheni, kundiluma onse nthawi imodzi, ndipo poti aliyense ankafuna kuthawa ndi gawo lake anakupiza mapiko pamodzi n'kundinyamula ndi njinga yomwe, ine ndikupalasabe m'mwamba kuopa kuti angaganize kuti ndagonja, kundidutsitsa pamwamba pa zitunda zonse zija zimene malole amalirira, mpaka anatopa n'kundisiya pa khomo la sitolo, mwini wake akutsegula. Nditayang'ana wotchi ya pakhoma inali ikunena hafu pasiti folo. Ndinafika ndisananyamuke, ndipo mkazi wanga ankanena mpaka kale kuti anandiona ndikumanga nsapato nthawi yomweyo.

Mwini sitoloyo anandiyalira mapoto atatu pa kauntala. Woyamba anali wonyezimira, wa chingwe cha magetsi kumbuyo. Ndinamufunsa kuti ku Mnkhanya chingwecho ndikachilumikize ku mchira wa ndani, iye anamubweza pashelefu. Wachiwiri anali wagalasi, wokongola ndithu, koma nditangomutchulira dzina la msewu wathu anang'aluka yekha. Wachitatu anali wachitsulo chopepuka, fumbi lili mbuu, wokhala ndi kampope pakati ndi kabasiketi kobooka timabowo pamwamba, ndipo pa chivundikiro panali kadiso kagalasi koonera khofi akamadumpha. Ameneyu amangofuna makala ndi madzi basi, alibe chosweka kupatula kadisoko, ndipo akagwa amangophwanyika pang'ono n'kupitiriza ntchito. Ndinadziwa kuti wapakhomo pa munthu wosauka ndi ameneyu.

Tinayamba kunenerera. Iye atchule mtengo, ine ndiseke, iye atsitse, ine ndiyang'ane kudenga, ndipo tinapitirira choncho mpaka ndevu zake zinamera n'kufika pa kauntala, makasitomala amene analowa ali mbeta anatuluka ali ndi ana, mtengo ukutsikabe, unatsika mpaka pansi, unaboola simenti, ndipo pomaliza bamboyo anandigwira mwendo kundipempha kuti ndimutenge potoyo ndi paketi ya shuga pamwamba, bola ndichoke. Ine ndinalipirabe kangachepe, poti sindine munthu wodyera anzake masuku pamutu.

Pobwerera akashembe anandikana, anati magazi anga atha. Ndinapalasa ndekha, poto ali pa keliyala, ndipo pa chitunda chomaliza njinga inathamanga moti mthunzi wanga unatsalira, unadzafika kunyumba patapita masiku awiri uli wefuwefu. Kumunsi kwa chitundacho kunali njovu yamphongo itaima pakati pa msewu, ndipo poti mabuleki ndinalibe ndinangowerama n'kudutsa pansi pa mimba yake, koma chingwe cha keliyala chinakola, poto anagwa, njovu inamuponda ndi phazi lakutsogolo. Ndinabwerera n'kuiuza kuti isunthe. Poto anangobonyoka pang'ono m'mbali, koma njovuyo inatsimphina moyo wake wonse, ndipo masikauti ankaitchula kuti Sakala, mukafunse zidzukulu zawo.

Mukumva? Sindinafikebe. Lupande ndinamupeza atadzaza mpaka m'nthambi za mivunguti, bwato palibe, ndiye ndinasenza njinga pamutu, poto m'mano, n'kulowa m'madzi, ndipo ndili pakati mvuu inavuuka pafupi nane n'kufwenthera, chivundikiro chinatseguka, kampope kaja kanagwa, mvuuyo n'kukameza. Tsono poto ameneyu popanda kampope ndi chitini wamba, madzi sakwera kukakumana ndi khofi. Ndinapachika njinga mumtengo, ndinadikira mpaka mvuu inayasamula monga zimachitira zikakhuta, ndinalowa chamutu, ndinatsika pakhosi ngati munthu wolowa m'nkhokwe, mkati ndinapezamo nkhafi ziwiri, chipewa cha sikauti ndi msodzi wina wa ku Nsefu amene anali akusokabe ukonde wake, tinapatsana moni, ndinamufunsa kuti mwaswera bwanji, anati bwino koma kukutentha, anandilozera pamene panagwera kampope, ndinakatola n'kutulukira komwe ndinalowera mvuu isanatseke kukamwa. Msodziyo anakana kutuluka, anati kunja ali ndi milandu.

M'mawa mwake a Gideoni anabwera pakhomo pathu ndi mpando wawo, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaona mkamwini akuchita manyazi. Ndinasonkha makala a tsanya, ndinathira madzi, khofi m'kabasiketi, n'kutereka. Poto atayamba kubwata, phokoso lake linamveka mpaka ku Nkwali, ndipo fungo linaoloka Luangwa, njati zinasiya kudya n'kufola mzere m'mbali mwa mtsinje poganiza kuti yakwana teni koloko. Ndinayang'anitsitsa kadiso kaja mpaka khofi anada bwino, ndinathira m'kapu, ndinagwada monga mkamwini agwadira, n'kupereka ndi manja awiri.

Nkhalambayo inamwa kamodzi, imvi zinada. Inamwa kachiwiri, dzino limene linaguluka kumigodi linameranso. Inamwa kachitatu, inaimirira n'kutaya ndodo, inatola khasu n'kulima munda wake wonse, wa mlongo wake, ndi wa munthu wina amene sankayankhulana naye, dzuwa lisanafike pamutu. Nkhuku zimene zinajompha zotsalira m'kabasiketi zinaikira mazira ophikaphika sabata yathunthu. A Gideoni anabwerako thukuta lili kamukamu, anakhala pansi n'kunena pamaso pa onse.

“Khofi ndi ameneyu. Akamwini, mkazi wanu tengani.”

Ndinapambana. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba chifuwa chili patsogolo, ndinamupeza Esinati akusenda mtedza m'lichero, ndinamuuza kuti amange katundu, mawa tikupita kwathu. Sanatukule mutu.

“Muyende bwino, atate a Tisa. Potoyo musaiwale, ndi wanu.”

“Amalume alola.”

“Ndiye mupite nawo amalumewo. Munafunsa khuki, munafunsa wa sitolo, munafunsa amalume. Ine munandifunsa liti?”

Apa ndiye pamene pandivuta kukometsera, chifukwa palibe njovu kapena mvuu imene inalowererapo. Ndinaima pamenepo poto ali m'manja, mawu ofunika anali ochepa, ongoti kodi ungapite nane, ndipo sindinawanene. Ndinaona ngati munthu amene watuluka m'mimba mwa mvuu sangapemphe chilolezo kwa mkazi wosenda mtedza. Ndinati ayamba yekha kumanga katundu akaona kuti ndakwiya. Iye anapitiriza kusenda. Sizoni inatsegulidwa, ndinabwerera ku kampu, inatsekedwa, ndinabwera kudzalima munda wa apongozi, ana anabadwa ena, a Gideoni anamwalira ndi chilolezo chawo, gemu inasanduka paki, ndipo safunsa anadya phula, ine ndinalidya zaka zonsezo ndikumwera khofi.

Patapita nthawi yaitali, tonse tili ndi imvi, anandiuza yekha akutsuka poto yemweyo kuti tsiku lija chitenje chake chatsopano chinali chopindapinda kale pansi pa mphasa, ankangodikira funso. Zinandipweteka kwambiri, sindibisa. Koma ngakhale pamenepo ndinangoti khofi wachepa shuga.

Esinati tinamuika chaka chatha. Abale ake achita zonse mwa mwambo, anaphika mowa, anandimeta, anandisudzula bwinobwino, ndipo adzukulu a a Gideoni abwera kawiri kudzandiuza mwaulemu kuti ndine womasuka, nditha kubwerera kwathu, nyumbayi akufuna kuikamo mwana wawo. Zimene ndinkalirira ndili mnyamata andipatsa popanda khofi. Ndawauza kuti abwere ndi thirakitala yodzandizula.

A Zulu, mwasiya kuseka. Popani tayala lanulo. M'mawa uliwonse ndikamwa kapu yanga ndimatsika ndi kanjira ka kumanda, ndimaima pamene amuna amaloledwa kuima popanda maliro, ndimavula chipewa n'kumufunsa bwinobwino, ndi ulemu wake, kuti amake Tisa, kodi mungapite nane kwathu. Akadzayankha ndidzasamuka tsiku lomwelo. Pakali pano sanayankhe, ndipo ine muno sindichoka.