Kampani Yanga ya Ndege Inathera pa Mbuzi

Kwathu ku Msanzala amanditchula kuti aPailoti, ndipo musaganize kuti ndi ulemu.

Nditagulitsa thonje ndinagula droni, kandege kakang'ono kojambula zithunzi kali m'mwamba (mkazi wanga ankafuna malata, koma izo tizisiye). Posakhalitsa ukwati uliwonse unkandifuna. Ndinafika polembetsa kumsana kwa malaya kuti "Kampani ya Ndege".

Tsoka linandipeza ku Ndake, pa ukwati wa mwana wa aBanda. Tinapangana kuti andilipira mbuzi imodzi, ndipo inali itamangidwa kale pamtengo wa mango. Kandege kali m'mwamba, tikudikira kuti mkwatibwi atuluke m'tchalitchi, panafika bambo wa suti yotuwa, malume ake a mkwatibwi ochokera ku Lusaka.

"Kabwino aka," anatero. "Mumaulutsa chabe mosewela?"

Pakamwa pangapa ndiye mdani wanga. "Kusewela? Iyi ni bizinesi, bambo! Petauke, Nyimba, konsekonse! Kumapeto kwa sabata, Chiwelu chilichonse, nili mumwamba."

"Amakulipilani?"

"Kwambili!"

Apo m'pamene anatulutsa chitupa cha kuntchito. Anali wa ku ofesi yoona malamulo a ndege. Anandifotokozera mofatsa, anthu atatchera khutu, kuti woulutsa mongosangalala ndi wina, koma ukangolandira malipiro, lamulo limakuika m'gulu la ochita malonda a ndege. Pamafunika laisensi, satifiketi ya kampani ndi inshuwalansi. Kuulutsa pamwamba pa mitu ya anthu ndiye osayerekeza n'komwe.

"Koma bambo, lelo ni mbuzi chabe," ndinatero, mawu atachepa.

"Mbuzi nayo ni malipilo. Tsitsani manje."

Ndinatsitsa. Nthawi yomweyo nthungululu zinalira, mkwatibwi n'kutuluka, ine nditafungata kandege ngati mwana wodwala malungo. Amake mkwatibwi anandiponyera diso limene sindidzaliiwala. ABanda anangopita kukamasula mbuzi yawo. Mbiri inafika kwathu ine ndikadali m'njira, ndipo chichokereni tsikulo palibe amene wandiitananso.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti bamboyo sananame. Ndinakafunsa kwina, lamulo lilidi choncho. Mapepalawo sindinawapezebe, koma ndaphunzira kufunsa munthu kumene amagwira ntchito ndisanayambe kudzitama.

Patatha sabata chichitikireni ukwati uja, foni inalira. Anali malume aja.

"Bambo, paja musanatsitse munanijambulako nili pafupi na motoka yanga? Nitumizilenkoni chithunzicho, anthu akamba ati ninaoneka bwino."

Ndinawatumizira mwaulere, monga lamulo likufunira.